A Belmiro, Amene Ankang'amba Ntchito Pawiri

Achimwene anga a Belmiro Taborda, amene tinawaika m'manda Lolemba lapitali, sankafunsa munthu dzina. Ankafunsa ntchito. Aliyense wa kuno ku Freixal akudziwa zimenezi, ngakhale agalu a pabwalo. Mlendo akati ndi wosoka nsapato, iwo ankamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kufunsa kuti, "Nsapato za amuna kapena za akazi?" Akayankha kuti zonse, ankapukusa mutu ngati wawauza za matenda a m'banja. "Palibe munthu amasoka zonse. Kaganizeni bwino, mudzandiyankhe Lachinayi."

Ndamva kuti ena pamaliro paja ankanong'onezana kuti malemuwa mutu sunkagwira bwino. Ine ndine mlongo wawo, ndili ndi adzukulu asanu ndi anayi, ndipo makutu anga sanagonthe. Amene ananena zimenezo ndikumudziwa, ndi amayi ake omwe ndinkawadziwa. Koma ine sindiyankhira pamsewu. Ndalemba pano kuti adzukuluwo adziwe kumene khalidweli linachokera, ndiponso mmene achimwene anasankhira pakati pa mpando wawo ndi mwana wawo.

Zinayamba mu 1962, pamene a Anacleto Vaz anabwerera kuchokera ku Amereka ndi dzino lagolide, chipewa chachikulu kuposa mutu, ndi kabaji ka nyali pachifuwa. Anaitana amuna onse amene anali ndi chikwangwani pakhomo la ntchito yawo kuti akadye kwa mayi Graciosa, malo odyera a pabwalo aja, ndipo bakayawo asanafike n'komwe patebulo anali atayamba kale kulalikira za Kalabu ya Nyali.

Nkhani yake achimwene anaimva tsiku limenelo n'kuibwereza zaka makumi anayi, mpaka ife a m'banja tinkatha kuinena tili m'tulo. Akuti mumzinda wina wautsi ndi wozizira, kutsidya kwa nyanja yaikulu, munali amuna asanu ochokera kumidzi, aliyense ali ndi ntchito yake koma wopanda womupatsa moni. Wina ankazula mano, wina ankajambula mapu, wina ankakonza mapiyano, wina ankagulitsa zipewa, wachisanuyo ankakhoma mabokosi a maliro. Anapangana kuti azidya limodzi masana kamodzi pamlungu, ndipo anaika lamulo limodzi lokha: ntchito iliyonse, munthu mmodzi. Pakuti ozula mano awiri akakhala patebulo limodzi sayang'anana kumaso, amayang'ana m'kamwa mwa anzawo. Atadya miyezi ingapo anachita manyazi poona kuti akungonenepa, ndiye anakaika nyali pa mlatho wina wamdima pamene anthu ankagwera mumtsinje. Dzina linachokera pamenepo. Mzinda woyandikana nawo unasirira, wina unasiriranso, kenako nkhaniyo inakwera sitima zapamadzi, ndipo pofika chaka chimene a Anacleto ankalalikira, nyali ija inali itayaka m'maiko makumi asanu ndi limodzi.

"Ndiye kuno kwathu kokha kukhale kotsalira?" anafunsa a Anacleto, dzino lija likung'anima.

Palibe anafuna kutsalira. Koma kalata ya kulikulu inati kalabu siyamba popanda amuna makumi awiri ndi asanu, aliyense wa ntchito yakeyake. Anawerenga ndi zala: dokotala, wogulitsa mankhwala, wosula zitsulo, wopha nyama, kalipentala, woyenga mafuta a azitona. Atafika pa khumi ndi zinayi, zala zinatsala, ntchito n'kutha. Amuna analipo ochuluka, kungoti ambiri anali awiriawiri ngati nsapato.

Achimwene anali wosindikiza wa tauni ino, ndipo poti mapepala ndi inki zinali zawo, anasankhidwa kukhala mlembi. Anatsegula buku la mayina, kenako anatembenukira kwa abale awiri ophika buledi, a Custódio ndi a Hermínio, amene anali asanalankhulane chimwalirireni bambo awo n'kusiya uvuni umodzi kwa ana awiri.

"A Custódio, mumaphika chiyani?"

"Mukufunsa ngati simudya. Buledi."

"Nanga inu a Hermínio?"

"Buledi yemweyo, kungoti wanga amatafunika."

Achimwene analemba, akuwerenga mokweza. "A Custódio, wophika buledi wa tirigu. A Hermínio, wophika buledi wa chimanga."

"Ine wa chimanga sindinaphikepo chibadwire."

"Muyamba mawa," anatero achimwene, n'kutembenuza tsamba.

Ndipo anayambadi, poopa kuti akulikulu angatumize munthu wodzaona. Wodzaonayo sanafike mpaka lero, koma buledi wa chimanga wa a Hermínio anthu ankabwera kudzamugula kuchokera kuseri kwa phiri. Abale awiriwo analowa m'kalabu, wina n'kumakhala kumapeto kuno kwa tebulo, wina kumapeto uko, mchere n'kumapemphana kudzera mwa anthu.

Tsiku limenelo ntchito zinang'ambika ngati nsalu. Ometa awiri, wina anakhala wa tsitsi, wina wa ndevu, ndipo kwa zaka zambiri Loweruka m'mawa unkaona amuna akuwoloka bwalo kumutu kuli bwino, kuchibwano kuli thengo. Maloya awiri, wina anakhala wa amoyo, wina wa akufa, ndipo wa akufayo ndiye anamanga nyumba yosanja. Oyendetsa matakisi, wina anakhala wa kuukwati, wina wa kuchipatala. Dzuwa lisanapendeke anali atakwana makumi awiri ndi anayi. Kunatsala mmodzi.

Zaka zimenezo boma silinkakonda kuona amuna ambiri atakhala pamodzi, ndiye pangodya panali patakhala munthu wa jekete lotuwa, dzina lake Evaristo, nyuzipepala ili kumaso, makutu ali kunja. Aliyense ankadziwa amene anamutuma. Achimwene ananyamula buku n'kukaima patsogolo pake.

"Akulu, ntchito yanu n'chiyani?"

"Ine ndikungomwa khofi."

"Kapu imodzi maola anayi? Imeneyo simukumwa, mukuilera. Sendererani kuno. Pangodyapo mukuphonya zambiri, mawa mukalemba zabodza."

Anamulemba kuti womvetsera. Akulikulu anabweza kalata kufunsa kuti imeneyi ndi ntchito yanji, achimwene n'kuyankha kuti ndi ntchito yofala kwambiri m'dziko muno, kungoti eni ake saika zikwangwani. Chikalata chovomereza kalabu chinafika mwezi wotsatira. Kalabu inkakumana Lachinayi masana, a Evaristo osajombapo ndi limodzi lomwe, ndipo boma lija litagwa, anzawo a ntchito imeneyo akubisala, iwo anangopitiriza kubwera kudzadya. Nanga akanawathamangitsa ndani, munthu amene anasenza naye mapaipi?

Ndatchula mapaipi kuti musaganize kuti ankangodya. Madzi a m'mipope amene mukumwa kumtunda kwa tchalitchi anakwera phiri lija pamapewa a maloya, ometa ndi womvetsera. Ine ndinakwatiwira kumtundako, ndipo khosi langa likukumbukirabe mitsuko imene ndinkasenza. Ana a sukulu amene ankatchedwa mbuli anapezeka kuti vuto linali maso, n'kulandira magalasi. Ambulansi yoyamba ya chigwa chino inali ndi nyali yojambulidwa pachitseko. Chaka chilichonse kalata ya kulikulu inkabwera ndi nkhani yoti kalabu yalowa m'dziko lina, ndipo alendo odutsa ankasiya timbendera ta makalabu awo, ta ku Brazil, ta ku Japan, ta ku Mozambique, mpaka mayi Graciosa anadandaula kuti aiwala mtundu wa khoma lawo. Matauni oyandikana nafe atafuna makalabu awo, ankatumiza galimoto kudzatenga achimwene ndi cholembera chawo. Anayambitsa asanu ndi awiri. Kwina anapeza oweta nkhosa awiri, wina n'kumulemba wa mkaka, wina wa ubweya, nkhosa zake zili zomwezo. Chifukwa chong'amba ntchito chonchi, anthu anapatsa achimwene dzina loti a Mpeni.

Kamodzi kokha anakwera ndege, pamene kalabu inawatuma ku msonkhano waukulu wa maiko onse, mumzinda womwe uja wautsi. Chingerezi sankadziwa ndi liwu limodzi lomwe, koma anabwerako ndi kope lodzaza ntchito za anthu mazana awiri, zofunsa ndi manja, popanda dzina la munthu ndi mmodzi yemwe. Ndinawafunsa za mlatho.

"Anaugwetsa kalekale," anatero. "Pali msewu wa magalimoto."

"Nanga nyali?"

"Palibe akudziwa kumene inapita. Ndinafunsa wapolisi, anandilozera sitolo ya mababu." Kenako anati, "Koma muholo muja tinali anthu zikwi khumi ndi ziwiri, achemwali. Pamene amuna asanu aja ankangofuna wodya naye."

Ntchito imodzi yokha ndiyo sankalola kuti mpeniwo uikhudze. Anzawo akamawaseka kuti, "Nanga inu a Mpeni, ndinu wosindikiza za maliro kapena za maukwati?" iwo ankayankha nkhope ili gwa: "Inki ndi imodzi." Mushopu yawo munkatuluka zonse, makadi a ukwati, mapepala omata pa mabotolo a mafuta, ndi zidziwitso za maliro zija za mzere wakuda m'mphepete zimene timamata pakhoma la tchalitchi. Zilembo zamtovu ankazitola chimodzichimodzi ndi zala, ndipo zalazo sizinayerepo, ngakhale tsiku la ukwati wawo.

Alamu anga, akazi a achimwene, anamwalira pamene mwana wawo yekhayo, Idalina, anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinathandiza kumulera, ndiye ndikamanena za iye ndikunena za mwana wanga, ndipo wofuna kutsutsa abwere. Anakulira pansi pa makina osindikizira, n'kuyamba kuwerenga chobwerera m'mbuyo, monga zilembo zimaimira pa makina, asanadziwe kuwerenga ngati anthu. Atakula, ntchito zambiri za kalabu zinkadutsa m'manja mwake. Mndandanda wa ana a magalasi ankalemba ndi iye. Woyendetsa ambulansi akaledzera, ankayendetsa ndi iye. Koma Lachinayi likakwana ankaperekeza bambo ake mpaka pakhomo la mayi Graciosa n'kubwerera, pakuti kalabuyo inali ya amuna okhaokha.

Mu 1991 kunabwera kalata yoti akulikulu asintha maganizo, akazi nawonso angalowe. Idalina anali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Sanachulutse mawu. Analemba pempho lake n'kuliika pamwamba pa buku la mayina lija. Koma lamulo loyamba linali lili pomwepo, ntchito iliyonse munthu mmodzi, ndipo wosindikiza patebulo paja analipo kale.

Pamsonkhano wotsatira a dokotala Gervásio, amene anali wapampando chaka chimenecho, anaona kuti nkhaniyi ndi yosavuta.

"A Mpeni, tanolani mpeni wanuwo. Inu mukhale wa za maliro, poti msinkhu wake ndi womwewo, mwanayu akhale wa za maukwati. Tithane nazo tidye."

Tebulo lonse linaseka. Wometa ndevu anatsinzinira diso wometa tsitsi. Achimwene anakuona kutsinzinirako, anatseka buku n'kunena kuti aganiza kaye.

Anaganiza milungu isanu ndi umodzi. Tauni inayamba kulankhula, kuti a Belmiro anang'ambira ntchito aliyense, ndi kazitape yemwe, koma mwana wawo akumukana chifukwa ndi wamkazi. Mushopu munazizira. Bambo ndi mwana ankapatsirana mapepala osayang'anana. Kenako masana ena Idalina anabwera kwanga n'kukhala pampando wa kukhitchini osavula chikhothi.

"Azakhali, osindikiza a mumzinda wa Porto aja andilemberanso. Akuti malo akadalipo."

"Ndiye bambo ako uwasiye ndi ndani?"

"Ndi buku lawo. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuwaperekeza pakhomo paja ngati galu. Ndinkati wonditchingira ndi lamulo. Lero lamulo lachoka, pakhomo patsala bambo anga."

Ndinazimitsa moto, mphika uli pomwepo, n'kutsetsereka phiri. Ndinawapeza okha mushopu.

"Achimwene, mwayamba liti kudana ndi magazi anu?"

Anali atagwira kachilembo kamtovu, akufuna kukaika pamalo pake, ndipo ndinaona dzanja likunjenjemera mpaka kachilemboko kanagwa pansi. Sanakatole.

"Khalani pansi, achemwali," anatero. "Inu mukuganiza kuti theka la ntchito ine sindilidziwa? Ndine ndinkaligawa. Aliyense amene ndinamung'ambira, patebulo paja ali ndi kaseko kake kakumutsata kumbuyo. A Hermínio atha zaka makumi atatu akuitanidwa kuti Achimanga. Kwa mwamuna ndi nthabwala chabe. Koma mkazi woyamba akalowa anthu akutsinzinirana, adzamutsinzinira mpaka kumanda, ndi wachiwiri yemwe, ndi wachitatu. Adzati analowera pa mpeni wa bambo ake."

"Ndiye bola akhale kunja?"

"Mushopu muno wosindikiza ndani? Dzanjali mwaliona nokha. Zaka zisanu tsopano ine ndimangotsegula chitseko ndi kulonjera anthu. Ndimulembe bwanji theka munthu amene ntchito yonse ili pamsana pake?"

"Nanga bwanji osamuuza?"

"Ndikamuuza ndiye kuti ndanena, ndipo ndikanena ndiyenera kuchita." Anayang'ana makina aja nthawi yaitali. "Lamulo likuti mpando umatseguka munthu akamwalira, akasamuka, kapena akasiya ntchito. Kufa sindinakonzeke. Kusamuka ndilibe kopita."

Ndinawasiya momwemo n'kukwera phiri kubwerera kwathu.

Lachiwiri m'mawa, anthu opita ku misa yoyamba anapeza pepala latsopano pakhoma la tchalitchi, la mzere wakuda m'mphepete, pakati pali dzina la zilembo zikuluzikulu: BELMIRO TABORDA. Tsono kuno kwathu mapepala amenewa sitiwawerenga mpaka pansi. Timaona mzere wakuda, timaona dzina, timachita chizindikiro cha mtanda n'kuthamanga kukauza ena. Zapansizo timakazimvera kusiwa. Pasanathe ola belu linali likulira, azimayi anali atavala zakuda, mayi Graciosa anali atatereka mphika waukulu. A Custódio ndi a Hermínio anatulukira pangodya limodzi, atagwirizana dengu limodzi la buledi uku ndi uku, chinthu chimene maso a tauni ino anali asanachione. Ine ndinatsetsereka phiri nsapato imodzi ili m'manja.

Achimwene tinawapeza atakhala pampando panja pa shopu, atavala jekete la Lamlungu, akusenda lalanje.

"Mwafika bwino," anatero. "Wamwalira ndani?"

"Inu," anayankha a Custódio.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikukusindikizirani mapepala, kani simuwerenga? Bwererani mukawerenge mpaka pansi."

"Nanga mzere wakudawo?" anafunsa a dokotala, amene anali atathamanga ndi chikwama chawo, befu ali pakhosi.

"Ndikanaika maluwa a ukwati? Mizere ndili nayo iwiri yokha."

Khamu lonse linabwerera kutchalitchi. Pansi pa dzinalo panalembedwa kuti kuyambira lero wasiya ntchito yosindikiza, ndipo wosindikiza wa Freixal ndi Idalina Taborda. Zilembo zina zinali zopendekeka. Anazitola okha ndi dzanja lija, Lamlungu lonse, shopu ili yotseka.

Anthu anaseka mpaka misozi, ena misozi yake ili yomwe anabwera nayo. Idalina yekha sanaseke. Anadikira kuti khamu libalalike, n'kudzaima patsogolo pa bambo ake.

"Bambo, ine sindinapemphe zimenezi."

"Ndikudziwa. Ukanapempha ndikanakana."

"Ndinkafuna kukhala pambali panu, osati pamalo panu."

Achimwene anapisa m'thumba, anatulutsa makiyi a shopu n'kumugwiritsa, dzanja lawo n'kukhalitsa pamwamba pa lake.

Lachinayi analowa kwa mayi Graciosa atakolekana mikono ndi mwana wawo. A dokotala anali atakonza zowapatsa mpando waulemu, uja umapatsidwa kwa okalamba, wodya nawo koma wopanda ntchito ndi wopanda voti. Achimwene anakana. "Ndikakhala pano, aliyense wofuna kufunsa wosindikiza azidzayang'ana ine." Anatsegula buku, anakhwatcha dzina lawo ndi rula kuti mzere uwongoke, pansi pake n'kulemba la Idalina ndi liwu limodzi lokha, wosindikiza. Anavula kabaji kawo n'kumuika pachifuwa. Palibe anatsinzinira mnzake. Supu asanagawidwe, iwo anali atatuluka.

Kuyambira pamenepo Lachinayi lililonse ankakwera phiri kudzadya kwanga. Anakhala zaka khumi ndi ziwiri osagwiranso chilembo chamtovu, osadutsa kuseri kwa kauntala, ngakhale Idalina ankawanyengerera ntchito ikachuluka. "Wosiya wasiya," ankatero, manja ali m'matumba, ndipo ndinkaona zala zikuyenda m'matumbamo. Idalina ankabwera cha m'ma fili koloko kudzawauza zimene zakambidwa. Iwo ankanamizira kuwodzera, koma mwanayo akalumpha kanthu ankatsegula diso limodzi. Akazi ena analowa, wachiwiri, wachitatu, mpaka anakwana asanu ndi awiri. Idalina anakhala wapampando, ndipo ntchito yomanga nyumba ya okalamba ija kuseri kwa msika anatsogolera ndi iye. Ndikunena kuti adzukulu adziwe, chifukwa pachikwangwani sanalembepo dzina.

Zaka ziwiri zapitazo Idalina anakwera phiri chothamanga, kalata ili m'manja. Akulikulu anali atafewetsa lamulo loyamba lija, kuti tsopano anthu a ntchito imodzi angakhale angapo patebulo.

"Bambo, mutha kubwerera. Mpando ulipo pambali panga."

Anaiwerenga kalatayo kawiri. "Zabwino," anatero. "Kalabu yakula, malaya akale sakuikwananso. Koma apa akunena za osindikiza awiri. Ine m'nyumba muno ndikuona mmodzi."

Mwanayo atapita ndinawafunsa ngati sadandaula.

"Lachinayi lililonse, ikamakwana wani koloko," anatero. "Ikamati thu ndimakhala ndasiya. Ndipatseni mbatatesizo."

Anamwalira Loweruka masana, ali pampando, wailesi ikulira. Pepala anasindikiza ndi Idalina, pa makina akale aja, ndi zilembo zamtovu. Ulendo uno belu linachedwa kulira. Anthu anaima pakhoma la tchalitchi mwakachetechete, akuwerenga mzere uliwonse mpaka pansi penipeni, ena akutsatira ndi chala. A Hermínio, amene tsopano amayenda ndi ndodo ziwiri, anamatula ngodya ya pepalalo kuti aone ngati kuseri kwalembedwa kanthu.

Tauni ikuyenda, sindinama. Ambulansi ikuyenda, madzi akukwera phiri. Koma pabwalo pakuoneka ngati pakula. Madoda a pabenchi paja amayamba mkangano monga mwa masiku onse, kenako amangousiyira pakati, maso ali kumsewu, kudikira woweruza amene sakubwera.

Dzulo linali Lachinayi. Ndinapezeka ndayala mbale ziwiri mwa chizolowezi. Itatsala pang'ono kukwana wani koloko ndinamva kugogoda. Anali Idalina, atavala zakuda, maso ali psuu. Analowa n'kukhala pampando wa bambo ake.

"Azakhali, lero ndidya kuno. Kukalabu kuja sindingathe."

Ndinamuyang'ana mwana amene ndinamulera, mtima n'kufuna kumupakulira. Koma ine ndine wa kwa Taborda.

"Nyamuka," ndinatero. "Bambo ako anadya kwanga zaka khumi ndi ziwiri kuti iwe uzidya kumeneko. Mpando uja sukhala wopanda munthu ine ndili moyo. Ukalire komweko, supu wake amachepa mchere kale."

Anapukuta m'maso n'kutuluka. Ndinaima pazenera mpaka ndinamuona akutsetsereka phiri, akuwoloka bwalo, n'kulowa kwa mayi Graciosa. Ndinabweza mbale imodzi m'kabati, ndinakhala pansi, ndinadya.